Magalasi a kamera ndi mapeni awiri a insulini: lipoti la mayi amene anasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga

Mayi amene ndikulemba nkhani yawo pano anafika kwa ine ali ndi zaka 54, atatumizidwa ndi dokotala wa maso amene anali atawauza kale kuti palibenso opaleshoni imene ingabwezeretse kuona kwawo. Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu amene asiya kuona ali akuluakulu kuti aziyenda ndi kudzisamalira okha. Ndaganiza zolembera anzanga a ntchito imeneyi chifukwa m'nkhaniyi muli cholakwa changa chimene chikanatha kuphetsa munthu, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a ife tikhoza kulakwitsa chimodzimodzi tsopano pamene magalasi a kamera ayamba kufala.

Mayiwa anali atakhala ndi matenda a shuga kwa zaka 19, ndipo ankagwira ntchito yowerengetsera ndalama mu ofesi. Chizindikiro choyamba chinaonekera pa ntchito pomwepo: manambala a pa kompyuta anayamba kuoneka ngati ali m'chifunga, moti 3 ndi 8 ankawasokoneza. Iwo anaganiza kuti ndi ukalamba chabe ndipo anagula magalasi owerengera. Patapita pafupifupi chaka, anadzuka m'mawa wina akuona timadontho takuda tikuyandama m'diso lakumanzere ngati mwaye, ndipo pofika madzulo disolo linali litachita mdima. Madokotala anapeza kuti shuga anali atawononga retina, kachikopa kopyapyala ka kuseri kwa diso kamene kamalandira kuwala. Shuga akakhala wochuluka m'magazi kwa zaka zambiri, timitsempha ting'onoting'ono ta mu retina timayamba kudontha ndipo tina timatsekeka. Diso limameretsa timitsempha tatsopano, koma timeneti timakhala tosalimba, timaphulika n'kukhetsera magazi m'kati mwa diso, ndipo zipsera zake zimakoka retina mpaka kuimatula. Anawaotcha ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser maso onse awiri, anawabaya jakisoni wa m'diso kangapo, ndipo diso lakumanja analichita opaleshoni kawiri. Pamene ndinkakumana nawo, diso lakumanzere silinkasiyanitsa usana ndi usiku, ndipo lakumanja linkangodziwa komwe kuli zenera ndi kuona dzanja likamagwedezeka pafupi ndi nkhope.

Pa ulendo woyamba kunyumba kwawo, chimene chinandikhudza kwambiri sichinali maso, koma zala. Shuga yemweyo anali atawononga minyewa ya m'manja ndi m'mapazi, moti nsonga za zala zawo zinali za dzanzi. Ndinawapatsa khadi la zilembo za braille, zija za timadontho 6 zimene Louis Braille anakonza m'zaka za m'ma 1820, ndipo atasisita mzere woyamba kwa nthawi ndithu anati akungomva kukhakhala, sakusiyanitsa kadontho kamodzi ndi timadontho titatu. Pamenepo ndinadziwa kuti njira ya braille yatsekeka, kapena ikhala yaitali kwambiri. Makutu awo ankamva bwino. Foni yamakono anali nayo, koma mwana wawo wamwamuna wa zaka 23 ndiye ankawawerengera mauthenga. Ankalandira insulini ya mitundu iwiri, yofulumira asanadye ndi yochedwa pogona, ndipo amuna awo ndiwo ankawabaya. Anali atatha miyezi 7 asanatulukepo okha panja pa mpanda.

Nditawafunsa chimene akufuna kwambiri, sanazengereze. Anati, "Aphunzitsi, makalata anga akuwerengedwa ndi mwana amene ndinabala ndekha, ndipo jakisoni wanga ndimadikira kuti bambo abwere ku ntchito. Ziwirizi ndikufuna zibwerere m'manja mwanga. Koma ndodo ija musandibweretsere." Mwana wawo anali atawauza za magalasi olankhula, ndipo mtima wawo wonse unali pamenepo. Iwo ankaona kuti magalasi ndi chinthu chimene aliyense amavala, pomwe ndodo yoyera imauza msewu wonse kuti akubwerayu ndi wosaona.

Zipangizo za mtundu umenewu zakhala zikusintha mofulumira. Kampani ya OrCam ya ku Jerusalem, imene Amnon Shashua ndi Ziv Aviram anaiyambitsa mu 2010, inatulutsa mu 2017 kakamera kolemera pafupifupi magalamu 22 kamene kamamata ndi maginito pa mwendo wa magalasi wamba n'kumawerenga popanda intaneti. Chaka chomwecho Microsoft inatulutsa Seeing AI, pulogalamu ya pa foni. Kampani ya Envision ya ku Netherlands inayamba kugulitsa magalasi ake mu 2020, atamangidwa pa Google Glass, magalasi a kamera a kampani ya Google. Be My Eyes, imene Hans Jørgen Wiberg wa ku Denmark anaiyambitsa mu 2015, imalumikiza munthu wosaona ndi munthu woona wongodzipereka kudzera pa kanema wa pa foni. Mu 2023 anawonjezeramo AI (pulogalamu ya kompyuta yotsanzira nzeru za munthu) yofotokoza zithunzi, ndipo mu 2024 inayamba kugwira ntchito pa magalasi a Ray-Ban Meta. Dzina la magalasi amene tinasankha sinditchula, pakuti zimene zinachitika sizinachokere ku luso la kampani imodzi, koma ku mmene zipangizo zonse za mtunduwu zimagwirira ntchito ndi mmene ine ndinaphunzitsira.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti m'magalasi ambiri amakono muli njira ziwiri zosiyana, ngakhale kuti zonse zimalankhula ndi mawu amodzi. Njira yoyamba imajambula pepala, kuzindikira chilembo chimodzichimodzi, n'kutchula zimene zalembedwazo monga zilili. Njira yachiwiri imatumiza chithunzi ku AI, imene imafotokoza m'ziganizo zake zimene ikuganiza kuti zili pachithunzipo ndiponso kuyankha mafunso. Njira yoyamba ikalephera, munthu amamva kuti yalephera: imatchula mawu oduka mutu, imadumpha mizere, kapena imanena kuti sikupeza zolemba. Yachiwiri ikalephera, kawirikawiri siimveka kulephera, chifukwa imadzaza mpata wa zimene sinaone ndi zimene zimakonda kupezeka pa zithunzi zofanana, ndipo imazinena mosadodoma, ndi ulemu womwewo ndi liwiro lomwelo ngati pamene ikunena zoona. Zimenezi ndinkazidziwa. Kungoti sindinaziphunzitse monga phunziro lapadera.

Ndinavomera zoyamba ndi magalasi, ndodo n'kuisiya kaye, pa zifukwa zimene mpaka lero ndikuona kuti zinali zomveka. Munthu amene wataya mtima amafunika kupambana pa chinthu chimodzi msanga, ndipo chinthucho chiyenera kukhala chimene wachisankha yekha. Braille inali itakanika. Kamera ya pa foni inkafuna kuti dzanja limodzi ligwire foniyo molunjika, ndipo ndi zala za dzanzi foni inkapendekeka iwo osadziwa. Kamera ya pamutu inkasiya manja onse awiri omasuka, ndipo kwa munthu amene wakhala akuona zaka zoposa 50, mutu umakumbukirabe kutembenukira kumene dzanja lili. Tinagwirizana kuti magalasiwo azigwiritsidwa ntchito m'nyumba mokha, atakhala pansi kapena ataima.

Masabata atatu oyamba tinawathera pa kuloza. Anthu ambiri amaganiza kuti ukangovala magalasiwa ndiye kuti ayamba kuona, koma kamera imaona kumene mphuno yaloza, osati kumene munthu akuganiza kuti akuyang'ana. Mayiwa anali atazolowera kupendeketsa mutu kumanzere kuti diso lakumanja litole kuwala, ndiponso kuweramitsa nkhope pomvetsera, choncho zithunzi zawo zoyamba zinali za m'mphepete mwa tebulo ndi za maondo awo. Ndinawaphunzitsa kugwira pepala ndi manja onse awiri, zigongono zitatsamira patebulo, kuligunditsa kaye pamphuno kenako n'kulikankhira kutsogolo pang'onopang'ono mpaka mikono itatsala pang'ono kuwongoka. Chinanso chimene tinatulukira tsiku lachiwiri chinali cha magetsi. Munthu amene wasiya kuona amasiyanso kuyatsa nyale, chifukwa sizimuthandiza kanthu, koma kamera imafuna kuwala. Ndinafika madzulo ena n'kuwapeza ali m'chipinda cha mdima akudandaula kuti magalasi awonongeka. Nditayatsa getsi, anawerenga nthawi yomweyo.

Sabata lachinayi anawerenga okha kalata ya kuntchito kwawo yokhudza tchuthi cha matenda. Anaimvetsera kawiri, n'kuipinda bwinobwino, ndipo anandipempha kuti ndisawafunse zimene zinalimo, pakuti aka kanali koyamba m'miyezi yambiri kukhala ndi nkhani imene akuidziwa okha. Kuchokera pamenepo anayamba kuvala magalasiwo tsiku lonse. Ankawerenga mapaketi, masiku othera ntchito a mankhwala ndi manambala a pa makina ochapira, ndipo ankafunsa mtundu wa zovala asanavale. Njira yofotokoza ija anaikonda kuposa yowerenga, chifukwa inali yofulumira ndipo inkayankha ngati munthu. Ine ndinaona kuti akuikonda, ndinakondwera nawo, ndipo sindinaikepo malire.

Za insulini tinaziyamba m'mwezi wachitatu, mogwirizana ndi namwino wa matenda a shuga. Peni ya insulini, chobayira chooneka ngati cholembera, ndi yabwino kwa munthu wosaona chifukwa ukamapotokola kuti uike mlingo imalira kakuti tha pa yuniti iliyonse, ndipo mayiwa, pokhala munthu wa manambala, ankawerenga kulirako mosaphonya. Tinawapezera makina oyezera shuga olankhula. Vuto linali losiyanitsa mapeni awiriwo, amene anali ofanana kutalika ndi kunenepa. Opanga amawasiyanitsa makamaka ndi mtundu wa utoto, ndipo timizere tokhakhala ta pa batani zala zawo sizinkatimva. Tinagwirizana kuti peni ya usiku izikhala m'kabati ya pafupi ndi bedi, ya chakudya izikhala kukhitchini, ndipo asanabaye aziwerenga dzina lake ndi magalasi. Ndinanena kuti "aziwerenga", koma sindinanene kuti ndi njira iti mwa ziwiri zija, ndipo sindinaike chizindikiro chogwirika pa peni iliyonse, poganiza kuti malo osiyana ndi kamera zakwanira. Kwa masabata asanu zonse zinayenda bwino.

Usiku wa ngoziyo amuna awo anali ku ntchito. Masana kunabwera mlendo amene pothandiza kukonza m'nyumba anatola peni ya kukhitchini n'kukaiika m'kabati ya kuchipinda pamodzi ndi inzake, poganiza kuti mankhwala onse amakhala malo amodzi. Nthawi yogona itakwana, mayiwa anapisa dzanja m'kabati, n'kutenga peni yoyamba imene anaikhudza. Getsi la padenga linali lozima. Kuwala kunkachokera pakhonde. Anaikweza kumaso n'kufunsa magalasiwo kuti, "Kodi iyi ndi peni yanga ya usiku?" Magalasi anayankha kuti inde, ikuoneka kuti ndi peni ya insulini yochedwa. Anaika mayuniti 22, mlingo wawo wa usiku, n'kudzibaya. Insulini yochedwa imagwira ntchito pang'onopang'ono kwa pafupifupi tsiku lathunthu, pomwe yofulumira imayamba m'mphindi pafupifupi 15 ndipo imafika pachimake pakati pa ola limodzi ndi maola awiri. Lisanathe ola anadzuka ali thukuta kamukamu, manja akunjenjemera, mtima ukugunda mothamanga. Makina oyezera anatchula 2.6, pomwe shuga akatsika kupitirira 3.9 mmol/L (muyezo wa shuga m'magazi) amatengedwa kale kuti watsika, ndipo pansi pa 3.0 ndi pangozi. Anakuwa kuitana mwana wawo, amene mwamwayi anali m'nyumba. Iye anawamwetsa madzi a shuga, anayezanso patapita mphindi 15, ndipo ataona mapeni awiri ali m'kabati imodzi anazindikira chimene chachitika n'kuthamangira nawo kuchipatala, kumene anawagoneka usiku umodzi akuwayang'anira.

Patapita masiku anayi ndinapita kunyumbako ndi cholinga chimodzi, chofuna kuona ndi maso anga mmene yankho lija linatulukira. Ndinavala magalasiwo ndekha, m'chipinda chomwecho, getsi lozima, ndipo mayiwa anandisonyeza mmene anagwirira peniyo. Chala chawo chachikulu chinkaphimba theka la dzina, ndipo theka linalo linali litazungulira kumbuyo, pakuti peni ndi yobulungira ndipo zolemba zake sizioneka zonse mbali imodzi. Nditafunsa funso lawo lomwe lija, magalasi anavomera kangapo kuti ndi peni ya usiku, ndipo nthawi zina ankanena kuti dzina silikuoneka bwino. Nditafunsa ndi peni yomweyo kuti, "Kodi iyi ndi peni ya chakudya?" anavomeranso. Nditagwiritsa ntchito njira yowerenga zilembo, anatchula zilembo zitatu zosamveka n'kusiya. Nditayatsa getsi, kusuntha chala ndi kuzungulitsa peni pang'onopang'ono, njira yowerengayo inatchula dzina lenileni.

Apa ndi pamene ndinaona kukula kwa cholakwa changa. Funso la mayiwa linali ndi yankho m'kati mwake, ndipo AI ikapatsidwa chithunzi chosaoneka bwino pamodzi ndi funso lotere imakonda kutsatira mwini funso. Munthu woona akamva yankho lotere amaponya diso n'kulitsutsa. Wosaona alibe pomwe angatsutsire, ndipo kwa miyezi itatu mawu omwewo anali akuwauza zoona za makalata, zovala ndi mapaketi, mpaka anafika powakhulupirira monga mmene munthu amakhulupirira wachibale amene sanamunamizepo. Opanga ambiri amalemba chenjezo lakuti mafotokozedwe a AI asadaliridwe pa mankhwala kapena poyenda, koma chenjezo lolembedwa m'kabuku silifika kwa munthu wosaona ngati mphunzitsi wake sanalisandutse chizolowezi cha m'manja. Komanso chitetezo chonse chimene ndinakonza chinkadalira zinthu ziwiri zimene mayiwa sakanatha kuzitsimikizira okha: kuti palibe amene wasuntha peni, ndi kuti chithunzi chatuluka bwino.

Tinakhala pansi anthu asanu: mayiwa, amuna awo, mwana wawo, namwino ndi ine. Bambowo anali atatsekera kale magalasiwo m'bokosi. Anandiuza modekha koma motsimikiza kuti, "Aphunzitsi, ine ndinkawabaya miyezi yonse ija popanda vuto. Zinthuzi zibwerere kumene zinachokera." Sindinawatsutse, chifukwa mantha awo anali ndi maziko, ndipo ndinayamba ndi kuvomera pamaso pa onse kuti dongosolo linali langa ndipo linali lopelewera. Koma ndinafotokozanso chifukwa chimene ndinkaonera kuti kubwerera m'mbuyo kuli ndi ngozi yake. Masiku amene bambowo ankachedwa ku ntchito, jakisoni ankachedwanso, ndipo namwino anatsimikiza kuti shuga wa mayiwa anali atayamba kukhazikika bwino chiyambireni kudzibaya okha pa nthawi yake. Amene anamaliza nkhaniyo anali mayiwo. Anatembenukira kumene kunali mawu a amuna awo n'kunena kuti, "Bambo, ndinachita mantha kuposa inu, pakuti thupi linali langa. Koma mukandilanda jakisoniyu, mawa mudzandilandanso makalata, ndipo ndidzabwerera pampando paja munandipeza." Bambowo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anapempha kuti kwa mwezi umodzi azikhalapo pa jakisoni wa usiku, osagwira kanthu, kungoona. Tinavomera.

Dongosolo latsopano tinalimanga pa manja, kamera n'kubwera pambuyo. Peni ya usiku tinaikulunga ndi mphira wonenepa malo atatu, wokhuthala moti ngakhale chikhatho cha dzanzi chimaumva, ndipo tinaiika m'kachikwama ka zipi. Peni ya chakudya inakhala yosalala, m'kabokosi kolimba. Peni yatsopano ikatsegulidwa, mphira amaikidwa munthu woona ali pomwepo. Pa mankhwala alionse, njira yololedwa ndi yowerenga zilembo yokha, getsi loyaka, peni itagwiridwa kunsonga ndipo ikuzungulitsidwa mpaka dzina lonse litamveka. Ngati mphira ndi dzina sizikugwirizana, kapena dzina silikumveka, saabaya. Amaimbira munthu pa kanema, wachibale kapena wodzipereka, n'kumupempha kuti atchule zilembo zimene akuona. Tinaphunziranso kafunsidwe. M'malo mofunsa kuti "kodi ichi ndi chakuti?", amafunsa kuti "palembedwa chiyani apa?" kapena "ukuona chiyani, ndipo n'chiyani chimene sukuona bwino?" Kwa masabata awiri ndinkawabweretsera dala zinthu zosokoneza, monga mabotolo ofanana, pepala lozondoka ndi paketi yophimbidwa theka, kuti amve ndi makutu awo magalasi akulakwitsa pamene palibe choopsa. Phunziro limeneli tsopano ndimalipereka kwa aliyense m'sabata loyamba, asanayambe kukondwera ndi chipangizocho.

Ngoziyo inatsegula khomo limene ndinkaliopa, la ndodo. Mayiwa anali atayamba kale kufunsa ngati angapite okha kukaona mnzawo wa pafupi atavala magalasi okha, ndipo ndinkangozengereza kuyankha. Tsopano ndinawapempha kuti tiyese limodzi pamalo ena pamene khonde lalitali limathera pa masitepe atatu otsika. Anagwira chigongono changa, tinaima mamita angapo masitepewo asanafike, ndipo anafunsa magalasi zimene zili kutsogolo. Patapita masekondi angapo anayankha kuti pali khonde lowala, mipando kumanzere ndi chitseko kumapeto. Za masitepe sanatchule, pakuti pa chithunzi chojambulidwa kuchokera pamutu, pansi potsika pamaoneka ngati popitirira, makamaka ngati mtundu wa simenti ndi umodzi. Ndinawapatsa ndodo m'dzanja lamanja, ndinawasonyeza kuisesetsa uku ndi uku, ndipo tinayenda. Nsonga ya ndodo itagwera m'malere, anaima njii. Anaigunditsa pa sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu, osalankhula kanthu. Ndimadzifunsabe ngati sindinawaonetse zimenezi mofulumira kwambiri pambuyo pa mantha a usiku uja, koma tsiku limenelo ndodoyo anapita nayo kunyumba.

Ndinawafotokozera chifukwa chake mwa manambala, poti ndiwo ankawamva bwino. Munthu woyenda mwachizolowezi amadutsa mita imodzi kapena kuposerapo pa sekondi iliyonse, choncho yankho lobwera patapita masekondi atatu limafotokoza malo amene iye wawadutsa kale. Ndodo yaitali, imene kagwiritsidwe kake anakakonza Richard Hoover m'ma 1940 pophunzitsa asilikali a ku America amene anachita khungu pa nkhondo, imauza dzanja za sitepe yotsatira nthawi yomweyo, ndipo siifuna batire, kuwala kapena intaneti. Kwa munthu wa mapazi a dzanzi, amene samva msanga kuti nthaka yasintha, ndodo imagwira ntchito imene mapazi anasiya. Magalasi anapeza malo awo pa zimene ndodo singathe: nambala ya chitseko, chikwangwani, dzina la msewu, nambala ya basi. Lamulo lathu linakhala lakuti poyenda magalasi akhale chete. Akafuna kufunsa, aime kaye pambali, afunse, amve, kenako ayende. Podutsa msewu salola mawu alionse m'makutu, chifukwa kulira kwa magalimoto ndiko kumawauza kumene akuchokera ndi pamene aima. Maphunziro a ndodo anatenga miyezi inayi, ndipo anali ovuta kuposa a magalasi.

Zina zinali zazing'ono, koma ndi zimene zimachititsa kuti chipangizo chivalidwe kapena chiiwalike m'kabati. Kuzindikira nkhope, kumene anakufunitsitsa pachiyambi, kunkagwira ntchito pokhapokha munthuyo ataima moyang'anizana nawo pamalo owala, ndipo wachibale mmodzi anakana kuti nkhope yake isungidwe m'makina, zimene tinazilemekeza. Pamapeto pake a m'banjamo anangozolowera kutchula dzina polowa m'chipinda, ndipo njira ya nkhopeyo anaisiya. Tinakambirana za chinsinsi, pakuti chithunzi chilichonse chopita ku njira yofotokoza chimachoka m'nyumba kudzera pa intaneti. Anasankha okha kuti makalata a kubanki ndi a kuchipatala aziwawerenga ndi njira imene siitumiza kanthu kunja, ndipo kubafa ndi pamene pali ana a anthu ena magalasi amavula. Chilankhulo chawo chobadwa nacho sichinali pa mndandanda wa zilankhulo za chipangizocho, moti makalata olembedwa m'chilankhulocho ankatchulidwa mokhota ndi mawu achilendo, ndipo anachita kuzolowera kuwamasulira m'mutu; malamulo opita ku magalasiwo ankawapereka m'chilankhulo chimene ankagwiritsa ntchito ku ofesi. Anzanga ayenera kufufuza zimenezi asanalonjeze kanthu, chifukwa kwa munthu wodziwa chilankhulo chimodzi chokha nkhaniyi ikanathera pomwepo. Batire linkatha tsiku lisanathe akamafunsa pafupipafupi, ndipo galasi la kamera likadetsedwa ndi chala iwo sankadziwa, choncho kulipukuta kunalowa m'ndondomeko ya m'mawa uliwonse.

Ndinawaona komaliza patatha miyezi 14 chikumaniraneni. Insulini amadzibaya okha mitundu yonse iwiri, ndipo kusokoneza mapeni sikunachitikenso. Bambo aja anasiya kukhalapo pa jakisoni wa usiku mwezi umene anapempha utangotha, ngakhale kuti ndiwo amaika mphira pa peni yatsopano iliyonse ndipo salola wina kuchita zimenezo. Mayiwa anabwerera ku ntchito masiku atatu pa sabata, kumene manambala amawamva ndi pulogalamu yowerenga zolemba za pa kompyuta, magalasi n'kumathandiza pa mapepala osindikizidwa okha; ziwerengero za ndalama zochokera pa pepala amazimvetsera kawiri ndi njira yowerenga zilembo asanazilowetse. Amayenda okha ndi ndodo m'njira zinayi zimene tinaphunzira, koma msewu waukulu wa magalimoto ambiri sanavomerebe kuudutsa opanda wowaperekeza, ndipo sindinawakakamize. Dzanzi la m'zala lawonjezeka pang'ono, moti tinasintha mphira uja n'kuika wonenepa kuposa woyamba, ndipo ndalemba m'fayilo yawo kuti chizindikirocho chiziyesedwanso miyezi 6 iliyonse.

Tsiku limenelo ndinawapempha kuti andisonyeze jakisoni wa usiku monga amachitira ndikakhala palibe. Analowa kuchipinda, anapapasa khoma n'kuyatsa getsi, anatsegula zipi ya kachikwama, anawerenga mphira ndi chikhatho mpaka katatu, kenako anagwira peni kunsonga n'kuizungulitsa patsogolo pa mphuno. Ulendo woyamba magalasi anatchula theka la dzina. Anapukuta kamera ndi nsonga ya malaya, anazungulitsanso, ndipo dzina lonse litamveka anayamba kupotokola peni, milomo ikuwerenga motsitsa mpaka 22.